Injini ya Galimoto Ikatha, Tikonzetse Kapena Tigule Ina?

Anzathu achikumbe a m'boma la Mangochi, masiku ano ambiri a inu muli ndi galimoto, ena panokha, ena pa kalabu, yonyamulira mabelo a fodya kupita ku okushoni ku Limbe ndi matumba a chimanga kupita kumsika. Zambiri mwa galimotozi munazigula zitayenda kale, chotero tsiku limafika lakuti injini iyamba kufuka utsi wabuluu, kumwa oyilo ngati madzi, ndi kulephera chitunda cha ku Namwera ngakhale katundu ali wochepa. Pamenepo aphungu amachuluka. Wina ati konzetsani, wina ati tayani mugule ina. Ife tikuti musamvere aliyense wa iwo buloko isanayezedwe.

Buloko ndiyo thunthu la injini, chitsulo cholemera chija chokhala ndi mabowo m'mene mapisitoni amakwera ndi kutsika. Fumbi la m'misewu yathu likalowa pamodzi ndi mpweya limasanganikirana ndi oyilo, ndipo limapala mabowowo pang'onopang'ono monga mchenga upala mphika. Mabowo akakula, maringi sagwiranso, mphamvu imathawira pansi, oyilo n'kukwera pamwamba kukapsa. Utsi uja ndi umenewo.

Kutha kotere si imfa ya injini ayi. Ku Blantyre kuli amisiri okhala ndi makina okuzira mabowo onse mofanana, ndipo amaikamo mapisitoni okulirapo pang'ono, kawirikawiri ndi 0.25 kapena 0.50 mm. Mabowo akakula kopitirira muyezo, m'injini zambiri n'kotheka kulowetsamo masilivi, bowo n'kubwerera pa msinkhu wake woyamba. Ntchito imeneyi si ya pansi pa mtengo wa mango. Makaniko wa pamudzi angathe kumasula injini ndi kuimanganso bwino lomwe, koma kuyeza ndi kupala kumafuna makina. Iye amene angosintha maringi okha m'mabowo otha wakugulitsani miyezi yowerengeka chabe.

Ife a kunyanja tili nacho chitsanzo pafupi. Sitima ya Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow, inadza m'zidutswa, nilumikizidwa kwa Mponda, niyamba kuyenda m'chaka cha 1901. M'zaka za m'ma 1960 anachotsamo injini yake ya nthunzi naikamo ya dizilo, koma thupi la sitimayo analisunga pakuti linali lolimba, ndipo inanyamulanso anthu ndi katundu zaka zambiri. Cholimba chinasungidwa, chotha nthawi chinachotsedwa. Ndimo muyenera kuchitira ndi galimoto yanu, chiwalo ndi chiwalo.

Pali nthenda imodzi imene sitikulangizani kulimbana nayo, ndiyo mng'alu. Inu mudziwa kutentha kwa kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Injini ikawira, dalaivala wopupuluma amathiramo madzi ozizira pomwepo, ndipo chitsulo chimang'aluka. Mukaona oyilo atasanduka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowamo. Mwina yapsa ndi gasiketi yokha, ndipo imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Koma amisiri akapeza mng'alu m'buloko mwenimwenimo, musalole kuti aiwotcherere. Chitsulo cha mtundu umenewu sichigwira bwino chikawotcheredwa, ndipo chidzakutayani pa Liwonde fodya ali pamsana. Pamenepo kugula ina ndiyo nzeru.

Koma pogulapo chenjerani. Injini zakale zochokera ku Japan amazitsuka mpaka kunyezimira, ndipo akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Injini yanu mumaidziwa nthenda zake. Ya pa shelefu simudziwa kuti inayenda mtunda wotani, kapena kuti inawirapo kangati. Pitani ndi makaniko wanu, ailize inu mukumva, ayeze mphamvu ya bowo lililonse, ndipo wogulitsayo alembe pa pepala masiku amene mungaibweze ikavuta. Musaiwale lisiti, pakuti nambala ya injini imalembedwa m'mapepala a galimoto, ndipo muyenera kukaisinthitsa ku Road Traffic. Wopanda lisiti adzavutika kufotokoza pa rodibuloko kuti injiniyo si yakuba.

Ena adzati kukonzetsa kumachedwa, ndipo akunena zoona. Kunyamula buloko kupita nayo ku Blantyre, kudikira mapisitoni, kuibweza ndi kuimanga kungathe kudya masabata angapo, pamene injini yogula imalowa m'masiku awiri kapena atatu. Mtengonso si wamasewera mbali zonse ziwiri: kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, zitsulo zochokera kunja zinakwera, mapisitoni ndi injini zomwe. Chifukwa chake funsani mitengo yonse iwiri, ailembe, muiyerekeze muli phee kwanu. Ngati buloko ilibe mng'alu ndipo kukonzetsa kuli kotsikirapo ndithu, ife tiima ndi kukonzetsa.

Za kuchedwazo, mankhwala ake ndi nthawi. Injini sikutha usiku umodzi. Imayamba kudandaula miyezi yambiri isanagone. Ikonzetseni mu Ogasiti kapena Seputembala, ndalama za fodya zikali m'manja. Mukadikira kufikira Malichi, msika wa fodya uli pafupi kutsegulidwa, mudzagula injini iliyonse imene mwaipeza, ndipo ndalama yake idzachokera ku katapila kapena m'nkhokwe ya ana anu.

Injini ikabwera kokonzedwa, musaisenzetse katundu wolemera kapena kuithamangitsa makilomita 1,000 oyamba. Mukatero khetsani oyilo, thirani watsopano, ndipo sefa ya mpweya muziiyang'ana sabata ndi sabata m'chilimwe chonse.