GALU SI DZALA

M'makomo ambiri galu ali ndi ntchito ziwiri. Usiku amalondera nyumba ndi khola, ndipo masana amasanduka dzala lotayamo chilichonse chimene anthu achikana. Mkute wa nkhungu, ndiwo zosasa, mafupa a nkhuku ndi chiwindi cha mbuzi chokhala ndi zotupa, zonsezi timaponyera galu, tikumati m'mimba mwake simulowa matenda. Maganizo anga ndi akuti chizolowezi chimenechi tichileke, pakuti chimapha galu, ndiponso nthawi zina chimabweza matenda kwa ife eni ake.

Tiyambe ndi chimanga ndi mtedza wa chuku. Mbewu zimenezi zikakololedwa kapena kusungidwa zisanaume bwino, zimamera nkhungu imene imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu satha ndi moto wa pamafuwa, kotero kuti nsima ya ufa wotere imakhalabe yoopsa ngakhale itapsa bwino. Iye amawononga chiwindi. Galu amayamba kukana chakudya, amasanza, maso ndi nkhama zake zimachita chikasu, kenaka amafa. M'mwezi wa August chaka cha 2024, nduna ya zaumoyo ya dziko la Zambia, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya cha chimanga choipitsidwa ndi poizoniyu, ndipo ufa wa m'zigayo zina utapimidwa unapezeka nayenso. M'chaka cha 2004, kum'mawa kwa dziko la Kenya, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira chifukwa cha chimanga cha chuku.

Phunziro lake ndi lomveka. Galu ndi mwana wa pakhomo nthawi zambiri amadya ufa wa m'thumba limodzi. Chotero galu akafa ndi chikasu, mwini nyumba asathamangire kuloza chala anansi kuti amuthirira mankhwala, koma ayambe wayang'ana m'nkhokwe mwake. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Njere zowola zimene amayi asankha popeta, ndiponso gaga amene wanyowa ndi kuumbika, asapatsidwe galu kapena chiweto china chilichonse. Zikwiriridwe m'dzenje lakuya.

Chachiwiri ndi za m'kati mwa nyama. Ife amene timayendera malo ophera nyama timapeza nthawi zina chiwindi kapena mapapu a mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe ali ndi zotupa zodzaza madzi. Nyama yotere timailetsa kugulitsidwa, koma popha chiweto kumudzi, paukwati kapena pamaliro, anthu amangodula chotupacho ndi kuponyera agalu amene adikira pambali. M'zotupa zina zotere mumakhala ana a njoka ya m'mimba yotchedwa Echinococcus. Galu akadya, njokazo zimakulira m'matumbo mwake, ndipo ndi zazing'ono kwambiri, zosafika ndi sentimita imodzi yomwe. Galuyo amaoneka wabwinobwino, koma chimbudzi chake chimakhala ndi mazira amene amakakamira ku ubweya wake, pa ndiwo zamasamba za kudimba ndi m'madzi. Mwana akaseweretsa galu ndi kudya osasamba m'manja, amameza mazirawo. Zotupa zimayamba kukula pang'onopang'ono m'chiwindi kapena m'mapapu mwake kwa zaka zambiri, ndipo kawirikawiri pamafunika opaleshoni kuti zichotsedwe. Anthu a ku Turkana, kumpoto kwa Kenya, akhala akuvutika kwambiri ndi nthendayi. Njira yoidulira ndi yapafupi: chiwalo chokhala ndi zotupa chitenthedwe kapena chikwiriridwe mozama pamene galu sangafukule, ndipo za m'kati zabwino ziphikidwe bwino galu asanapatsidwe.

Chachitatu ndi zakudya zimene kwa ife ndi zabwino ndithu, koma thupi la galu silizilandira. Anyezi ndi adyo, zaziwisi kapena zophika, zimawononga magazi a galu. Zizindikiro zimachedwa masiku angapo: galu amafooka, nkhama zimayera, ndipo mkodzo umafiira. Popeza ndiwo zathu zambiri timathira anyezi, msuzi wotsala tsiku ndi tsiku ukhoza kumudwalitsa mwini wake osadziwa. Chokoleti chili ndi mankhwala otchedwa theobromine amene thupi la galu limachedwa kuwachotsa, ndipo amachititsa mtima kuthamanga, kunjenjemera ndi kukomoka. Chikakhala chakuda kwambiri, kuopsa kwake kumakulanso. Mphesa, zaziwisi kapena zouma zimene amaika m'makeke, zikhoza kuwononga impso. Mtedza wa macadamia, umene umalimidwa m'madera monga Thyolo, umafooketsa miyendo yakumbuyo. Chingamu china chopanda shuga chimakhala ndi xylitol, amene amatsitsa shuga wa m'magazi a galu mwadzidzidzi. Mowa ndi masese, zimene ena amamwetsa galu pofuna kuseketsa anzawo, ndi nkhanza chabe. Nawonso mafupa ophika a nkhuku amasweka ngati zisonga, ndipo amabaya kukhosi kapena kuboola matumbo.

Wina adzati, “Agalu a makolo athu ankadya chilichonse, ndipo ankapha nawo akalulu.” Ndi zoona kuti ambiri ankapulumuka, pakuti kuopsa kwa poizoni kumadalira kuchuluka kwa chimene galu wadya ndiponso kukula kwa thupi lake. Koma amene anafa palibe anawawerenga, ndipo chifukwa cha imfa yawo palibe anachifufuza. Komanso makolo athu analibe chokoleti ndi chingamu m'nyumba zawo monga tili nazo ife lero.

Wina adzatinso, “Tilibe ndalama zogulira chakudya cha agalu cha m'sitolo.” Palibe amene akukukakamizani kutero. Nsima ya mgaiwa kapena phala la gaga wouma bwino, pamodzi ndi usipa, bonya kapena zidutswa za nyama zimene mwapatula mumphika musanathire anyezi ndi mchere wambiri, ndi chakudya chokwanira. Muikireni mbale yakeyake imene anthu sadyeramo, ndi madzi abwino akumwa tsiku lililonse. Galu wokhuta sayendayenda m'madzala ndi m'misika, kumene amakatola zonyansa ndi kulumana ndi agalu a chiwewe.

Galu wanu akadya chimodzi mwa zinthu tatchulazi, kapena akayamba kusanza, kufooka ndi kuchita chikasu, musamumwetse mafuta, mchere kapena mankhwala a anthu, pakuti panado ndi ena otere akhoza kumupha. Pitani msanga kwa mlangizi wa ziweto, mutatenga chotsala cha chimene wadya. Ngati mukukayikira ufa, banja lonse lileke kuudya, ndipo mudziwitse a zaumoyo a m'dera lanu kuti makomo ena achenjezedwe.

Owerenga okondedwa, ukhondo wa pakhomo umakhudza onse odya pakhomopo, anthu ndi ziweto zomwe. Chimene chawola chipite kudzala ndi kukwiriridwa. Chimene galu apatsidwa chikhale chakudya chenicheni, ndipo ana athu aphunzitsidwe kusamba m'manja ndi sopo nthawi zonse akagwira galu, asanakhale pamphasa kudya.