Tsitsa kaye gitalayo, uimbe ndi pakamwa

Bolopeni ya Bic ndiyo inali mphunzitsi wanga woyamba wa gitala. Amene munakula nthawi ya makaseti mwadziwa kale: mabatire anali odula, ndiye pofuna kubweza nyimbo tinkatulutsa kaseti mu wailesi, kusomeka bolopeni pabowo, n'kumapukusa ndi dzanja. Ine ndinkapukusa kaseti imodzi ya Kanda Bongo Man, malo amodzimodzi, pomwe mawu amadukira n'kulowa gitala wa Diblo Dibala. Kachigawo kake sikankapitirira masekondi 20. Ndinakabwereza mpaka tepi inatafunika, nyimbo n'kumamveka ngati akuimbira pansi pa madzi.

Diblo ndi Mkongo amene m'zaka za m'ma 1980 ankajambula ndi Kanda Bongo Man ku Paris, kenako n'kuyambitsa gulu la Loketo pamodzi ndi Aurlus Mabele. Diblo ankamutcha Machine Gun chifukwa cha liwiro la zala zake, ndipo mnyamata aliyense wogwira lidi gitala kwathu ankalota kukhala iyeyo. Patatha miyezi ingapo zala zanga zinayamba kuthamangako, ine n'kuyamba kuyenda mapewa ali m'mwamba.

Tinali ndi kabandi ka achinyamata a kutchalitchi, kobwereka zida, koimba m'maukwati Loweruka. Ukwati wina tinauimba m'holo ya malata, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Itakwana nthawi ya perekaniperekani, amayi a kuchikazi ananyamuka, zitenje zili m'chiuno, ndalama zili m'manja, akubwera mosapupuluma monga amachitira odziwa gule. Woimba atamaliza ndime anandikodola ndi mutu kuti ndilowe. Ndinakhuthula zonse za Diblo, osasiya mpata ngakhale womezera malovu. Nditadzutsa maso ndinapeza amayi aja angoima, akuyang'anana. Mmodzi anangoponya ndalama yake m'beseni n'kukakhala pansi. Woyendetsa mwambo anandiyang'ana ndi diso loti ndamuthira mchenga mu ufa.

M'bandimo munali bambo mmodzi wachikulire, woimba besi, amene pa unyamata wawo anaimbako m'mabala asanatembenuke mtima. Tsikulo sananene kanthu. Lachitatu pa pulakatisi anandidikira ndimalize kuchuna, kenako anati, "Mphwanga, tsitsa kaye gitalayo. Zija unaimba Loweruka zija, tandiimbire ndi pakamwa."

Ndinaseka. Iwo sanaseke. Ndinayamba: ti-ri-ri, ti-ri. Ndinathera pomwepo. Notsi yotsatira sindinkaidziwa. Njira yonse inali m'zala, m'mutu munalibe nyimbo.

"Ndiye amaimba uja anali ndani?" anandifunsa. "Chimene mwiniwakewe sungachiimbe ngakhale ndi likhweru, amayi aja akachivina bwanji?"

"Koma madala, Diblo amaimba chonchi."

"Diblo amadziwa kumene akupita. Iwe ukungomutsatira pambuyo ngati galu wa mlendo."

Ntchito imene anandipatsa inali yochotsa ulemu. Mwezi wathunthu ndiziimba solo pa nsambo imodzi yokha, yachiwiri kuchokera pansi, ija ya B. Pa nsambo imodzi palibe kuthamanga. Dzanja limayenera kukwera ndi kutsika khosi lonse la gitala, ndipo notsi iliyonse uyenera kuifuna kaye mumtima usanaipeze ndi chala. Anawonjezapo lamulo lina: ndiziyamba kuimba kachiganizo kakafupi ndi pakamwa, kenako ndikafunefune pansamboyo, ndipo mpweya ukandithera, gitala nayenso apume. Sabata yoyamba ndinkamva ngati andimanga miyendo. Yachitatu ndinayamba kuzindikira chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo chiyambire kugwira gitala: m'mipata imene ndinkasiya ndikamapuma, ng'oma ndi besi zinkandiyankha.

Komatu izi si zachilendo kwa ife. Pamtondo, pa chimtali, ngakhale pamaliro, wina amaponya nyimbo, ena n'kuvomera. Munaonapo kuti wotsogolera nyimbo akungoimba yekha osawasiyira anzake malo? Angamuchotse pabwalo. Ine ndinakulira m'nyimbo zotere, koma nditagwira chida cha magetsi ndinaiwala zonsezo, ngati kuti gitala ali ndi malamulo a dziko lina.

Pakamwa panandipatsanso china. Chichewa chathuchi chili ndi nyimbo kale mkati mwake. Mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo timalemba mofanana, koma khutu silisokonezeka, chifukwa mawu amakwera ndi kutsika mosiyana. Nditazolowera kufunafuna pansambo zimene ndaimba ndekha, ndinayamba kusaka zolankhula za anthu ena. Woitanira minibasi akamakuwa kuti "Limbe, Limbe, awiri otsala!" mumakhala manotsi awiri okwera obwerezabwereza, kenako mawu amatsetsereka kutsika. Mayi woyenda ndi dengu la masamba m'mawa amakoka silabulo yomaliza n'kuipinda pang'ono kumapeto. Agogo akamaitana mwana amene ali kutali, dzina limayambira pansi n'kukathera m'mwamba. Zonsezi ndinazitola chimodzichimodzi n'kuziika pa gitala. Palibe amene ankadziwa kuti pakati pa nyimbo ya ukwati ndalowetsamo woitanira wa pasiteji, koma nkhope zinkamasuka, ngati munthu wamva Chichewa ali kudziko la eni.

Pali kanthu kamodzi ka m'mabuku kamene madala aja anandionetsa osakatchula dzina. Nyimbo zathu zambiri zimayenda pa makodi atatu. Tinene kuti tili mu G: makodi ake ndi G, C ndi D. Solo ikhoza kuyendayenda kulikonse, koma kodi ikasintha uyenera kutera pa notsi ya m'kodi imeneyo: B pamene gulu lili pa G, E pamene lafika pa C, F sharp likakwera pa D. Ukatero, ngakhale rizimu gitala atakhala chete, womvera amamvabe nyimbo ikutembenuka. Ukaphatikiza nsambo ziwiri nthawi imodzi, ina kutsogolera ina kuperekeza, zimamveka ngati amayi awiri a kwaya, soprano ndi alto. Ine ndinali nditathamanga miyezi yonse ija osadziwa ngakhale kodi imene anzanga ali.

Musandimve molakwa, kutengera ena si tchimo. Palibe amene anabadwa ndi solo m'manja. Wes Montgomery wa ku Indianapolis, amene akatswiri a jazi amamugwadira mpaka lero, anayamba ndi kuloweza masolo a Charlie Christian notsi ndi notsi kuchokera m'malekodi, ndipo ntchito zake zoyamba m'magulu zinali zongoimba masolo a Christian omwewo. Koma ankaphunzira usiku ataweruka kuntchito, ndipo pofuna kusasokoneza anthu ogona anasiya piki n'kumakhudza nsambo ndi chala chachikulu. Kamvekedwe kofewa kamene timamudziwa nako kanachokera pamenepo.

Nkhani imene ndimaikonda kwambiri ndi ya B.B. King. Mu 1946 anapita ku Memphis n'kukakhala kwa mbale wake Bukka White, amene ankaimba gitala potsetsereza kachitsulo pansambo, gitala n'kumalira ngati munthu. King anasirira, anayesa, zinamukanika. Ndiye anayamba kugwedeza dzanja lamanzere chala chili pansambo, kuti mwina angayandikireko kulira kuja. Sanafike pa Bukka White. Anatulukira kwina, pa kanjenjemera kaja kamene munthu umangomva notsi imodzi n'kudziwa kuti ndi B.B. King, ndipo oimba gitala dziko lonse akhala akukatengera kuyambira nthawi imeneyo. Komanso mukamamumvera mudzaona kuti akamaimba ndi pakamwa, gitala wake Lucille amakhala chete. Akatseka pakamwa, Lucille ndiye amalankhula. Kuponya ndi kuvomera komwe kuja.

Django Reinhardt anapsa ndi moto mu 1928, zala ziwiri za kumanzere n'kupuwala, ndipo masolo ake onse otchuka anawaimba ndi zala ziwiri zotsalazo. Akongo amene ine ndinkawalambira nawonso anayamba ndi kutengera malekodi a ku Cuba, kusamutsira pa gitala zimene Akyuba ankaimba pa piyano ndi malipenga. Franco atayambitsa OK Jazz ndi anzake mu 1956, akukanda nsambo ziwiriziwiri ndi zala, zinali zitasanduka kale za ku Kinshasa. Ku Zimbabwe Jonah Sithole, akuimba ndi Thomas Mapfumo, ankatsamiritsa chikhatho pansambo kuti gitala adumphedumphe ngati mbira. Kuno kwathu Daniel ndi Donald Kachamba anaitola kwela ya ku South Africa ali ku Salisbury, imene lero ndi Harare, koma pamene Gerhard Kubik wa ku Austria ankawajambula mu 1967 kwela ija inali itayamba kale kulankhula Chichewa cha ku Chileka. Mvetserani Daniel akuimba yekha: mungalumbire kuti m'chipindamo muli anthu awiri kapena atatu, wina wa besi, wina wa rizimu, wina wotsogolera.

Onsewa ankalondola munthu wina kapena chida china, n'kulephera kufika ndendende, ndipo pamalo polepherapo ndi pamene tikuwadziwira lero. Vuto la ambirife ndi loti malo amenewo timachita nawo manyazi. Ine kachala kanga kakang'ono ka kumanzere kanathyoka ndili goloboyi kusukulu, ndipo sikanapole mowongoka. Pomwe Diblo amatambasula kachalako n'kutola notsi ya patali, ine sindifika. Ndimayenera kutsetsereza chala chachitatu kuti ndikaipeze. Zaka zambiri ndinkabisa zimenezi, kuzemba manotsi akutali, kapena kutsetsereka mwachangu kuti anthu asamve. Madala a besi aja ndiwo anandiuza tsiku lina kuti, "Pamene umaterereka paja, chedwapo. Mpokhapo pamene ndimamva kuti ndi iweyo."

Achinyamata a lero ali ndi mwayi umene ife tinkangoulota. Bandulo ikakhalapo, YouTube imakuonetsa chala chilichonse, imachedwetsa nyimbo popanda bolopeni, ndipo mwana wa zaka 16 akuchita zinthu zimene ine ndinazilephera ndili ndi zaka 30. Kaduka kalipo pang'ono, ndivomere. Koma chaka chino ndapemphera m'matchalitchi atatu osiyana ndipo ndamva solo imodzimodzi katatu, kukoka nsambo pamalo omwewo, kuthera pa notsi yomweyo. Oimba gitala onse atatuwo anaphunzira kwa mphunzitsi mmodzi wa pa intaneti, kabokosi kaja ka manotsi asanu kotchedwa pentatonic, koyambira pa fureti yachisanu. Kabokosiko n'kabwino, ndipo blues ndi rock zimadyera momwemo. Koma kamene amayamba kuphunzitsa ndi ka minor, pomwe nyimbo zathu zambiri za kwaya ndi za ukwati zili mu major. Ukakakakamiza pamenepo osamvetsera makodi, zimakhala ngati wathira shuga m'chambo. Komanso nyimbo imodzi sachezera gule: ngati kabokosi kamodzi ndiko kokha kamene uli nako, pofika nyimbo yachitatu anthu amakhala atadziwa kale zonse zimene uti unene.

Zina zimabisala m'timakina topondaponda tija. Ukatsegula distortion ndi delay, ngakhale notsi yogwidwa mwaulesi imamveka ngati ya katswiri. Ine ndimawauza anyamata kuti magetsi akazima asadandaule, imeneyo ndiyo nthawi ya pulakatisi yeniyeni. Gitala wa magetsi wopanda ampu sanama: chala chikapanda kukanikiza bwino, nsambo imangoti phwe. Ndipo foni imene amaonerapo ena ikhozanso kuwajambula iwo eni. Ikani foni pampando, imbani mphindi zitatu, mukamvere mawa lake mutapsa mtima ndi zina. Zimawawa. Ine nditadzimva koyamba ndinapeza kuti solo iliyonse ndimaiyamba pa notsi imodzimodzi, komanso kuti ndikasowa chonena ndimathamanga, monga amachitira munthu amene wagwidwa bodza. Koma m'mphindi zitatuzo mumapezeka masekondi asanu amene sakufanana ndi a wina aliyense, kawirikawiri pamene unalakwitsa n'kudzipulumutsa. Amenewo ndimawadula n'kuwasunga, n'kumawabwereza monga ndinkabwerezera a Diblo.

Madala a besi aja anatisiya kalekale. Ine bandi ndinasiya, ntchito ndi ana zitachuluka, koma gitala ndimamugwirabe akandipempha. Mwezi watha mwana wa mchemwali wanga amakwatiwa, ndipo anyamata a bandi anandipatsa nyimbo imodzi mwaulemu, poti ndine malume. Nditatsika, mayi wina wa msinkhu wanga amene tinkaimba naye kwaya kalelo anandipeza panja pomwe amaphikira.

"Achimwene, ine ndinachedwa. Koma ndili kumsewu uko ndinawauza anzanga kuti amene wagwira gitalayo ndi inu."

Ndinakonza kolala ya shati, n'kufunsa kuti anadziwa bwanji.

"Aa, inu simusowa. Mumakhala ngati mwaponda khoko la nthochi, tikati mugwa, osagwa."

Anatero n'kutembenuka kukapakula mpunga. Kachigawo ka Diblo kaja ndinakayesanso usiku womwewo nditafika kunyumba. Mpaka lero kamandikanika.