Kompyuta nayo imatentha thupi, tisadikire kuti ikomoke

Mwana akatentha thupi palibe kholo limene limadikira kuti ayambe wakomoka. Timamukhudza pachipumi, timamuvula juzi, kenako ulendo wa kuchipatala. Koma m'zipatala zathu muli wodwala wina amene timangomusiya akutentha pakona mpaka tsiku lomwe adzazime anthu ali pamzere. Ndikunena kompyuta ya patebulo ija, yomwe m'zipatala zambiri imasunga mbiri ya anthu olandira ma ARV ndi masiku awo obwerera kudzatenga mankhwala.

Inu a ku Malosa ndi chigwa chonse cha Domasi mukudziwa mmene dzuwa la Okutobala ndi Novembala limawotchera. Phiri la Malosa limaoneka lozizira ukaliona patali, koma m'chipinda cha malata chopanda siling'i masana mumakhala ngati mu uvuni. Fumbi la m'misewu yadothi yopatuka pamsewu wa M3 nalo limalowa paliponse. Kutentha ndi fumbi zikakumana, kompyuta imakhala pamavuto.

Ndinaziona ndekha pachipatala china chaching'ono chomwe ndinagwirako ntchito. Kompyuta yathu inayamba kulira ngati chigayo, kenako kuchedwa, ndipo tsiku lina inangozima masana. Amayi omwe anayenda mtunda wautali, ena ana ali kumsana, anadikira mpaka madzulo ife tikusakatula mafayilo. Katswiri atabwera kudzaitsegula anapeza fumbi litaundana ngati bulangete. Choyipitsitsa, ndi ifeyo amene tinkaifunditsa chitenje ikugwira ntchito, poganiza kuti tikuiteteza ku fumbi.

Tiyeni tione chimene chimachitika m'kati. Kompyuta ili ndi kachipangizo kotchedwa purosesa, komwe kamagwira ntchito ngati ubongo wake. Nkakang'ono, sikadzaza n'chikhatho chomwe, koma magetsi akamadutsamo kamatulutsa kutentha kwambiri. N'chifukwa chake pamwamba pake amaikapo chitsulo chokhala ndi timapeyala ngati chipeso, chomwe chimayamwa kutenthako, ndipo fani imapemerera chitsulocho kuti mpweya wotentha utuluke. Pakati pa purosesa ndi chitsulo amapakapo mafuta olimba otchedwa thermal paste othandiza kutentha kuwoloka msanga. Fumbi likatseka timapeyalato, fani ikatopa, kapena mafuta aja akauma patapita zaka, kutentha kumangozungulira momwemo.

Thupi la munthu limakhala pa madigiri pafupifupi 37, ndipo likafika pa 38 timada nkhawa. Purosesa imapirira zambiri kuposa pamenepo. Ikakhala kuti sikugwira ntchito yolemera imakhala pakati pa madigiri 30 ndi 50, ndipo ntchito ikachuluka kufika pa 70 kapena 80 si zachilendo. Mapurosesa ambiri a Intel ndi AMD akayandikira madigiri 95 mpaka 100 amachepetsa okha liwiro kuti azizire, ndipo kutentha kukapitirira kompyuta imadzizimitsa. Choncho kompyuta yomwe imathamanga bwino m'mawa koma n'kumakwawa masana mwina ilibe vayirasi ayi, yangotenthedwa.

Apa pali mfundo imene ambiri saidziwa. Purosesa siifa wamba chifukwa imadziteteza yokha. Zomwe zimafa msanga ndi zipangizo zoyandikana nayo, zomwe zilibe chitetezo chotero: fani, bokosi logawa magetsi, disiki yosunga mafayilo ndi tizipangizo tooneka ngati timigolo totchedwa ma capacitor. Akatswiri a zamagetsi amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa timigolo timeneti umachepa ndi theka. Zikufanana ndi matenda a BP: munthu amayenda bwinobwino kwa zaka, pomwe mtima ndi impso zikuwonongeka mwakachetechete. Ndipo disiki ikafa imatha kupita ndi zonse zomwe zinali momwemo.

Nkhani yabwino ndi yakuti mankhwala ake safuna ndalama zambiri. Chotsani kompyuta pansi, pomwe tsache limautsa fumbi, muiike patebulo. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena kuposa pakati pa khoma ndi kumbuyo kwake, ndipo musaitsekere m'kabati kapena kuunjika mafayilo pa timabowo take topumira. Isakhale pawindo pomwe dzuwa limaomba. Chitenje chifunditseni pokhapokha kompyuta itazimitsidwa n'kuzizira. M'chipindamo kolopani m'malo mosesa, ndipo musamadyeremo, chifukwa nyenyeswa zimaitana mphemvu ndi mbewa zomwe zimakonda malo ofunda. Mpweya wa m'chipinda ndi womwe umaziziritsa kompyuta, choncho kutsegula mawindo kapena kuyatsa fani ya m'chipinda kumaithandiza mwachindunji.

Kutsegula bokosi n'kupemerera fumbi ndi ntchito ya munthu wodziwa, atazula kaye chingwe cha magetsi, ndipo madzi asayandikire. Kwathu kuno ndi bwino kuchita zimenezi nyengo ya dzuwa isanafike pachimake. Iye yemweyo angathe kusintha mafuta aja ndi kuona madigiri a purosesa pogwiritsa ntchito mapulogalamu aulere monga Core Temp kapena HWMonitor.

Mwina mukufunsa kuti, nanga izi zikutikhudza bwanji ife makolo ndi mavolontiya? Taganizirani za firiji ya katemera. Tonse tinavomereza kuti iyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo alangizi a zaumoyo amalemba madigiri ake m'mawa ndi madzulo osaphonya. Palibe amanena kuti imeneyo ndi ntchito ya akatswiri a ku Zomba okha. Kompyuta ikufunika mtima womwewo. Simufunika sukulu ya zamakompyuta kuti mumve fani ikulira modabwitsa, kuti muone kuti fani yasiya kuzungulira, kapena kuti mumve fungo la chinthu chopserera. Mukaona zotere nenani kwa mkulu wa pachipatalapo tsiku lomwelo. Inu a m'makomiti a zipatala ndi a sukulu, funsani pamsonkhano kuti makompyuta anapukutidwa liti komanso ngati zomwe zili m'katimo zimasungidwanso pamalo ena. Makolo, musasiye kabuku ka kuchipatala kunyumba poganiza kuti zonse zili m'kompyuta. Tsiku lomwe makina azima, kabukuko ndi kamene kamatipulumutsa.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tinafuna makompyuta kuti mizere ifupike ndiponso kuti mbiri ya wodwala isasowe, ndipo akuthandizadi. Matope ake ndi amenewa: kuwapukuta, kuwapatsa mpweya ndi kuwamvetsera. Ikafa imodzi pamatha kupita miyezi ina isanapezeke, ndipo wovutika ndi mayi uja wa pamzere. Mawa mukalowa m'chipinda momwe muli kompyuta, ikani dzanja pafupi ndi pomwe imatulutsira mpweya, monga mumachitira pachipumi cha mwana. Ngati mpweyawo ukuwotcha kapena sukutuluka n'komwe, musadikire.