"Decadence": Liwu Limene Tikungolimwaza

Pa mtsutso uliwonse ndiponso m'zimangirizo zathu za Chingerezi, liwu lakuti "decadence" silisowa. Mnyamata akafuna kuoneka wozama amangoti "moral decadence", anzake n'kuomba m'manja. Ine ndikuti liwuli tikulipeputsa.

Tiyambe ndi katchulidwe. Mphamvu ili pa phatikizo loyamba: DE-ka-dens. Ife olankhula Chichewa tinazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye limatuluka ngati "dekadeensi". Ena amati di-KE-dens potsata liwu lakuti "decay". Amenewa tisawaseke, pakuti mtanthauziramawu wa Merriam-Webster amalola katchulidwe kameneka ngati kachiwiri. Koma amene amaganiza kuti liwuli n'pachibale ndi "decade", zaka khumi, asochera: "decade" linachokera ku Chigriki, pamene lathuli ndi la Chilatini.

Tanthauzo lake lili m'Chilatinimo. Angerezi analitenga kwa Afalansa, Afalansa ku "decadentia", kuchokera ku "de", kutsika, ndi "cadere", kugwa. Tsono sungagwe usanakwere. Nyumba imene sinamangidwe siingagumuke. Munthu akati dziko lili mu "decadence", akunena zinthu ziwiri: kuti lero zaipa, ndiponso kuti kale zinali bwino. Chachiwirichi ndicho timachilumpha. Kuba, kuledzera kapena kubera mayeso ndi zoipa ndithu, koma mwa izo zokha sizitchedwa "decadence". Liwuli limakamba za mtundu wa anthu kapena mbadwo umene unali ndi mwambo ndi khama, kenaka chuma ndi zosangalatsa n'kuufooketsa pang'onopang'ono ngati chiswe mumtanda wa denga. N'chifukwa chake olemba mbiri amakonda kulinena pa Aroma. Mu 1734 Montesquieu analemba buku lofufuza chimene chinakweza Aroma ndi chimene chinawagwetsa, ndipo liwuli lili pamutu penipeni pa bukulo.

Makolo athu, pepani, nanunso mumatero m'Chichewa: "Ana a masiku ano makhalidwe analowa pansi." Mwina mukunena zoona. Koma tiuzeni: analowa pansi kuchokera pati? Liti? Kuloza chala pa kugwa kwa mtundu si kwapafupi. Alaric atalanda mzinda wa Roma mu 410, akunja ananena kuti Akhristu ndiwo augwetsa posiya milungu ya makolo. Augustino Woyera anawayankha m'buku la Mzinda wa Mulungu, n'kuwakumbutsa kuti Aroma anali atavunda kale Khristu asanabadwe. Onse ankaona kugwa, koma za chiyambi chake sanagwirizane.

Chodabwitsa china n'chakuti liwuli linasintha nkhope. Ku France alembi ena analitenga ngati ulemu, mpaka mu 1886 anayambitsa magazini yotchedwa Le Décadent. Lero otsatsa malonda amalemba "decadent chocolate cake", kutanthauza keke yonona kwambiri, yodya modzisangalatsa. Liwu loweruza maufumu lafika poitanira makasitomala!

Choncho mnzanga akadzaimanso pa mtsutso n'kufuula "moral decadence", ine sindidzaomba m'manja msanga. Ndidzamufunsa kuti atchule chimene chagwa, pamene chinaima, ndi chaka chake. Akakanika, anene "immorality" basi, liwu limene silifuna umboni wa mbiri yakale.