Mayeso a Sitandade 8 ayandikira: tisaunjikire ana mapepala osachonga

Chaka chilichonse mayeso a PSLCE akayandikira, kuchokera ku Chipoka mpaka ku Senga Bay ndi Lifuwu timaona zofanana. Ana akubwera ndi makalata opempha ndalama ya moku, mashopu a pa boma la Salima akujambula mapepala a mayeso akale mosalekeza, ndipo kholo lililonse likufunsa kuti mwana walemba mapepala angati. Ife amene timaphunzitsa ku sekondale ndi ku madrasa tikuti funso loyenera kufunsa ndi lakuti: pa zimene analakwa, wakonza zingati?

Tikumbukire kuti mayeso a bungwe la MANEB amenewa ndi mpikisano. Chaka chilichonse amalemba ana oposa 200,000 m'dziko muno, ndipo mwa amene amakhoza, osankhidwa kupita ku sekondale za boma safika theka. Amene achita bwino kwambiri ndiwo amapita ku Dedza, Blantyre, Mzuzu kapena Lilongwe Girls, ena ku sukulu zogonera konko monga Salima Secondary School, ambiri ku ma CDSS. Otsalawo amabwereza kalasi, kapena makolo amasaka ndalama za sukulu yapulayiveti. Kuno kwathu timadziwa kumene ambiri a iwo amathera: mnyamata ku dooko, mtsikana ku banja. N'chifukwa chake malikisi awiri kapena atatu sitiwaona ngati nkhani yaing'ono.

Kulemba mayeso okonzekera kumathandiza, ndipo akatswiri anachiyesa. M'chaka cha 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku America anapeza kuti patatha sabata imodzi, ophunzira amene anadziyesa okha pokumbukira zimene anawerenga anakumbukira zambiri kuposa amene anangobwereza kuwerenga. Vuto lathu ndi lakuti taika mtima pa kuchuluka kwa mapepala. Mwana akalemba pepala la Masamu Lolemba, lina Lachiwiri, lina Lachitatu popanda womuonetsa pamene wasokonekera, amangozolowera kulakwa komweko. Msodzi amene sasoka khoka lake akabwera kunyanja, nsomba zimatulukira pa bowo lomwelo usiku uliwonse.

Ndiye masabata 6 otsirizawa tingawagawe motere. Sabata yoyamba mwana alembe pepala limodzi lakale pa phunziro lililonse mwa maphunziro 6 amene amayesedwa. Cholinga chake ndi kudziwa pamene akufooka, choncho malikisi akatsika tisakalipe. Agule kope limodzi la zolakwa zokha, momwe azilembamo funso limene walephera, yankho lolondola ndi chifukwa chimene analakwira. Mwina sanamve Chingerezi cha funsolo, mwina mutuwo sanaumvetse m'kalasi, mwinanso nthawi inam'thera. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi mankhwala akeake.

Masabata atatu otsatira, mapepala awiri pa sabata ndi okwanira, Loweruka ndi Lamlungu m'mawa. Alembe atakhala pamalo amodzi, buku litatsekedwa, ndipo nthawi yolembedwa pachikuto cha pepala ikakwana aleke. Kholo losadziwa kuwerenga lingathe kugwira wotchi kapena foni ndi kuletsa ang'ono ake kusokosa. Kuchonga kuchitike tsiku lomwelo kapena mawa lake ndi mphunzitsi, kapena mkulu wake wa ku sekondale. Masiku apakati pa sabata akhale okonza zimene zalembedwa m'kope lija, ndipo mafunso amene analephera awabwerezenso patatha masiku atatu kapena anayi.

Sabata yachisanu alembe mapepala onse m'masiku atatu otsatizana, monga momwe mayeso enieni amayendera, kuti thupi ndi mutu zizolowere. Sabata yomaliza pasakhale pepala latsopano. Awerenge kope la zolakwa, agone msanga, akonze zolembera ndi chiphaso chake cha mayeso.

Chingerezi tichiikire mtima padera. Kupatula pepala la Chichewa, mafunso onse amabwera m'Chingerezi, pamene ana athu ambiri kunyumba amayankhula Chiyao kapena Chichewa. Taona ana odziwa Sayansi bwino akulephera chifukwa chosamva mawu amodzi a m'funso. Mwana azifotokoza funso m'chiyankhulo chake asanaliyankhe. Akakanika, ndiye kuti vuto taliona pamene lili.

Ife a madrasa tilinso ndi gawo lathu. Tisaumirize makolo kusankha pakati pa Qur'an ndi sukulu. M'masabata amenewa ana a Sitandade 8 tingawachepetsere nthawi ya madzulo, azibwereza zimene analoweza kale osawapatsa zatsopano. Chipinda cha madrasa chimakhala chopanda anthu nthawi zambiri, ndipo chingakhale malo abata olemberamo kwa ana amene kwawo kulibe tebulo. Mwana amene amadzuka pa swala ya Fajr ali ndi ola limodzi labwino lowerenga asanapite kusukulu. Koma ola limeneli silingapezeke ngati usiku anali pa nyali za usipa, kapena mtsikana wagona mochedwa ndi ntchito zapakhomo. Ndalama ya ganyu ya masabata 6 siingafanane ndi malo a ku Fomu 1.

Chomaliza ndi likasa. Padzapezeka anthu pa WhatsApp onena kuti ali ndi pepala lenileni, mungotumiza ndalama. Ambiri ndi akuba chabe, ndipo ngakhale atakhala nalo, chinyengo ndi haramu. Sitinaiwale chaka cha 2020 pamene mayeso a MSCE anabedwa, boma n'kuwaimitsa ali mkati, ana osalakwa n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Mwana wolowa sekondale ndi mayankho ogula timamuzindikira teremu yoyamba yomwe.

Sabata ino pitani kusukulu, mukafunse aphunzitsi a kalasi mitu imene mwana wanu analephera pa moku, mumugulire kope lija. Tikachita mbali yathu, tipemphe dua, zotsatira tizisiye m'manja mwa Allah. Insha Allah ana athu a m'mbali mwa nyanja adzaoneka pa mndandanda wa osankhidwa.