Malamulo Akuona Mwana Waulumali, Koma Womubereka Kumsana Sakuoneka

LILONGWE – Mwana wa zaka 10 amene sayenda ndi wolemera. M'midzi yambiri ya kummwera kwa Africa, womunyamula amakhala mayi ake: kuchipatala, kokasamba, ngakhale kuchimbudzi. Pamene mwanayo ali kumsana, udzu umakhala ukumera m'munda ndipo geni imakhala itaima.

Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, la mu 2006, silinaiwale makolo otere. Gawo 28 likuti mabanja osauka azithandizidwa ndi ndalama, uphungu, maphunziro komanso chisamaliro chogwirizira kuti kholo lizipumako. South Africa inavomereza panganoli mu 2007, Malawi mu 2009, Zambia mu 2010, Mozambique mu 2012 ndipo Zimbabwe mu 2013. Koma mfundo yakupumayi simveka kawirikawiri pokambirana ndondomeko za chuma.

Pa ndalama, maiko apita njira zosiyana. Ku South Africa boma limalipira mwachindunji kholo la mwana wofuna chisamaliro usana ndi usiku, kudzera m'thandizo la Care Dependency Grant, lomwe kuyambira mu 2023 ndi loposa R2,000 pamwezi. Ku Zambia, banja lomwe lili ndi munthu waulumali waukulu limalandira ndalama zochulukirapo kuposa za anzawo mundondomeko yothandiza osauka.

Ku Malawi, ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, kwa zaka zambiri yakhala ikusankha mabanja osaukitsitsa omwe alibe anthu okwanira ogwira ntchito. Apa ndi pamene pagona vuto. Mayi wa zaka 30 wathanzi amawerengedwa kuti angathe kulima, chonsecho sangachoke pakhomo ngakhale kwa ola limodzi. Papepala ali ndi mphamvu. M'nkhokwe mulibe kanthu.

Chithandizo cha mankhwala nachonso chili ndi mtengo wobisika. Zipatala za CURE ku Blantyre, Lusaka ndi Bulawayo zimachita opaleshoni yaulere kwa ana, monga obadwa ndi mapazi opindika, koma ulendo wautali ndi masiku odikirira mwana m'chipatala zimadya nthawi ya kholo, ana ena atatsala okha kumudzi. Ndipo ulumali wodza chifukwa chovulala ubongo, kaya pobadwa kapena ndi malungo aakulu, suthetsedwa ndi mpeni wa dokotala. Kulera kwake n'kwa moyo wonse.

Cholemera koposa mwina ndi mawu a anthu. Mayi ndiye amalozedwa chala, akuti analodzedwa kapena sanasunge mwambo ali woyembekezera, ndipo abambo ena amathawa banja. Magulu a makolo, monga PODCAM ku Malawi, ndiwo amakhala malo amene mayi wotere anganene kuti watopa popanda womuweruza.

Mu 2024 Malawi inakhazikitsa lamulo latsopano la anthu aulumali, ndipo bungwe la MACOHA linasanduka MACODA. Makolo m'midzi ayesa lamuloli ndi funso limodzi: kodi tsiku limene mayi wadwala, adzamunyamule mwanayo ndani?