Matikiti a mpira akwera mtengo, mipando ikutsala yopanda anthu

Pa 17 Junho 2025, timu ya Mamelodi Sundowns ya ku South Africa idagonjetsa Ulsan ya ku South Korea ndi chigoli chimodzi kwa duu mumzinda wa Orlando, ku America. Bwaloli limalowa anthu oposa 25,000, koma amene adapita kukaonera adali 3,412 okha. Dzulo lake ku Atlanta, Chelsea idasewera ndi Los Angeles FC pamaso pa anthu 22,137 m'bwalo la anthu 71,000. Umu ndi momwe udayambira mpikisano wa makalabu a dziko lonse, umene bungwe la FIFA lidaukuza kufika pa matimu 32.

Zifukwa zidalipo zingapo. Masewero ena adaikidwa masana pakati pa sabata, anthu ali kuntchito, dzuwa likuswa mtengo. Koma chachikulu chidali mtengo wa tikiti ndi njira yogulitsira. FIFA idalola kuti mtengo uzikwera kapena kutsika malinga ndi kuchuluka kwa ogula, monga zimakhalira ndi matikiti a ndege. Mitengo idayambira pamwamba, anthu adaizemba, ndipo idayamba kugwa tsiku la masewero likamayandikira.

Zidaonekera bwino pa ndime ya matimu anayi, pamene Chelsea inkakumana ndi Fluminense ya ku Brazil pa 8 Julho. Tikiti imene inkagulitsidwa madola 473, ndalama zoposa 30,000 meticais, idatsika m'masiku ochepa kufika madola 13. Amene adathamangira kugula chifukwa chokonda timu yake adakhala pafupi ndi mnzake amene adalipira ndalama yongokwanira chakudya chamasana. Wotereyu, ulendo wina sadzafulumiranso. Adzadikira mtengo ugwe, ndipo ukapanda kugwa adzaonera pa kanema kunyumba.

FIFA simadandaula kwambiri ndi mipando yopanda anthu, chifukwa ndalama zambiri zimachokera kwina. Kampani ya DAZN idalipira pafupifupi madola 1 biliyoni kuti izionetsa mpikisanowu. Masewero omaliza, amene Chelsea idathira PSG zigoli 3 kwa duu, adaoneredwa ndi anthu oposa 81,000. Matimu akuluakulu nthawi zambiri amakoka anthu ochuluka. Amene amasewera m'bwalo lachete ndi matimu ngati Sundowns.

Otsatira mpira akagwirizana, eni matimu amamva. Mu Fevereiro 2016, zikwi za otsatira Liverpool zidatuluka m'bwalo la Anfield pa mphindi ya 77 pokana tikiti ya mapaundi 77, ndipo pasanathe sabata eni timu adapepesa n'kusiya mtengowo. Chaka chomwecho ligi ya ku England idalamula kuti otsatira timu yoyendera asamalipire zoposa mapaundi 30. Koma kumeneko adali anthu a mzinda umodzi, odziwana, okumana sabata ndi sabata. Ogula matikiti a FIFA ndi omwazikana m'maiko ambiri, ndipo kuti atulukire limodzi m'bwalo n'kovuta.

Njira yomweyi FIFA yaitengera ku chikho cha dziko lonse cha 2026 ku America, Canada ndi Mexico. Tikiti yotsika mtengo idalengezedwa pa madola 60, pafupifupi 3,800 meticais, pamene yodula kwambiri ya masewero omaliza idayambira pa madola 6,730. Ku Qatar mu 2022, yodula kwambiri idali pafupifupi madola 1,600.